Bakuli la Woyang'anira Mayeso

Anamusankha chifukwa anali wobwera. Mkulu wa zamaphunziro ku Kenema sanabise n'komwe. Anamuyang'ana Moinina Sowa kuyambira kunsapato mpaka kuimvi, n'kunena kuti, "Bambo, inu mwatha zaka pafupifupi makumi atatu ku Mangalande. Munthu ngati inu sagulidwa ndi mpunga." Ndiye anaseka yekha, kuseka kwa munthu amene watumiza oyang'anira mayeso ambirimbiri kumidzi, onse n'kumabwerako masaya ali see.

"Koma ku Gondalahun ndi kwathu," anatero Moinina. "Kodi lamulo silikana kuti munthu ayang'anire mayeso kwawo?"

"Limakana. Ndipezereni wina wofuna kuwoloka mtsinje wa Moa ndi mvula ino, ndimutume." Mkuluyo anali atabwerera kale pa foni yake. "Ndipo kwanu kwake kuti, bambo? Akukudziwaniko ndani?"

Funso limenelo anakwera nalo njinga yamoto, kuwoloka nalo mtsinje pa pantoni, n'kutsika nalo m'matope ofiira pomwe njingayo inakanirira. Kumbuyo kunkabwera wapolisi wonenepa atakumbatira thumba la mapepala a mayeso, lokulungidwa m'pulasitiki ngati khanda.

Moinina anachoka m'dziko muno nkhondo itafika pakhomo pa Kenema. Anali mphunzitsi wa masamu nthawi imeneyo, wa tayi pakhosi ndi fumbi la choko m'zala. Ku Leeds, ku Mangalande, anamuuza kuti mapepala akewo sakuwadziwa, ndiye analowa ntchito m'nyumba yosungira okalamba, kusambitsa ndi kudyetsa azungu oiwala maina a ana awo. Pa nthawi yopuma ankawerenga chilichonse chogwera m'manja mwake, makamaka mbiri za maufumu ndi kugwa kwake, ndipo aliyense womutchera khutu ankamuuza kuti kwawo kunali sukulu zimene zinaphunzitsa maiko onse oyandikana nawo kuwerenga. Anazinena kambirimbiri mpaka dziko la m'kamwa mwakelo linakula kuposa lenilenilo. Atabwerako anachita lendi kachipinda m'tauni ya Kenema. Kumudzi anapitako kamodzi kokha, kukaona manda a mayi ake, n'kubwerera tsiku lomwelo osalawa kanthu, ati m'mimba simunazolowere.

Sukulu anaipeza pomwe anaisiya, pansi pa mitengo ya mango. Inali itakula, tsopano inali ndi makalasi mpaka fomu 3, koma kukula kwake kunali kwa mwendo wotupa. Miyala yopaka laimu imene inkazungulira maluwa kunalibe, za maluwawo tisanene. Chatsopano chinali chikwangwani chachikulu cha boma, cha utoto wowala, cholengeza maphunziro aulere kwa mwana aliyense. Mbuzi zinali zitabisala mvula pansi pake.

"Mngelezi wafika! Ana inu, bisani zala, lero tidyera mafoloko!"

Anali Lahai Ngegba, mphunzitsi wamkulu. Ali ana ankakhala benchi limodzi, ndipo Lahai ankakopera masamu a Moinina mpaka ndi zolakwa zomwe. Tsopano anali ndi dazi, magalasi omangirira ndi ulusi, ndi mano ofiirira chifukwa cha mtedza wa kola.

"Ukadali moyo, mbava ya masamu iwe?"

"Boma silinandipatse chilolezo chofa. Ati ndidikire wondilowa m'malo."

Anakumbatirana, ndipo Moinina anadabwa kupepuka kwa mnzakeyo, mafupa okhaokha m'jekete. Wapolisi anakiyira mapepala m'kabati ya muofesi, kiyi n'kumuika m'sokosi, n'kupita kukafunsa komwe kumapezeka vinyo wa m'migwalangwa. Awiriwo anatsala ndi ndowa yolandira madzi odontha kudenga.

"Mawa m'mawa masamu," anatero Lahai, akuswa kola pakati n'kumupatsa theka. "Zamveka kale m'mudzi kuti atitumizira munthu wosadya."

"Ndabwera ndi buledi wanga."

"Buledi." Lahai anatafuna mosafulumira. "Tamvera, Moinina, ndikuuze m'mene timachitira, usadzati sunauzidwe. Pepala la masamu likafika pakati, amayi amabwera ndi bakuli la woyang'anira. Mpunga, chigwada cha mafuta ofiira, ndi bonga. Ukuikumbuka bonga?"

Ankaikumbuka. Nsomba ya minga yochuluka kuposa mnofu, yoti munthu azidya mofatsa ngati akusoka.

"Woyang'anira amadzadyera muno, chitseko chotseka, pakuti mlendo sadyera panja ngati nkhuku. Palibe amamupempha kanthu. Palibe amamupatsa envulopu. Amangodya basi. Akamamaliza kuchotsa minga, bolodi amakhala atalifufuta kale."

"Amalemba pabolodipo ndani? Mphunzitsi wanu wa masamu?"

"Tinali naye, dzina lake Vandi. Anaphunzitsa zaka ndi zaka akudikira kuti dzina lake lilowe pa malipiro a boma. Atatopa anatenga fosholo n'kupita ku migodi ya dayamondi. Ana ukuwayang'anira mawawa sanaone mphunzitsi wa masamu chilowereni fomu 2. Koma Vandi ndi munthu wabwino, amabwera tsiku limodzi pa chaka. Wafika dzulo, ali kwa azakhali ake."

Moinina anavula magalasi n'kuwapukuta, ngakhale anali oyera. "Ndiye mukuwaphunzitsa kuba."

"Kuwaphunzitsa? Tilibe wowaphunzitsa, ndi zomwe ndikukuuzazi." Lahai anakankha ndowa ija ndi phazi kuti ilunjike podontha. "Boma linatumiza chikwangwani. Linatumizanso ana, poti ndi ulere, kalasi imodzi anthu ngati pamsika. Mphunzitsi silinatumize. Koma mayeso, aaa, mayeso sachedwa, amabwera ndi mfuti yomwe. Likudzakolola m'munda momwe silinadzale. Tikakhalanso kumchira chaka chino, ati atichotsera thandizo, ana azikalembera kutsidya. Tikabera n'kugwidwa, afufuta zotsatira za onse. Sankha wekha chingwe chodzikhwezera."

"Nthawi yathu..."

"Eya, yayambika. Ndimaidikira. Nthawi yathu."

"Nthawi yathu munthu ankakhoza ndi mutu wake. Satifiketi inali satifiketi. Ku Kenema ndakumana ndi mnyamata wa mapepala okongola, koma kugawa zana kwa anthu anayi mpaka atulutse foni. Ndi amene adzakubaye jakisoni iweyo, Lahai."

"Adzandibaye. Bola adzakhala ali pa ntchito." Lahai anamwetulira ndi milomo yokha. "Sindikukupempha kanthu, mnzanga. Ndangoti udziwe kuti chaka chino ophika ndi achemwali ako."

Achemwali akewo, a Jebbeh, anawapeza pakhonde akusinja chigwada. Anali akulu kwa iye ndi zaka zochepa chabe, koma msana unali utapindika kale ngati wa mayi awo. Iwo nkhondo sanaithawire kutali. Anaithawira m'tchire, mwana kumbuyo, dzanja likukoka mayi okalamba, ndipo ndi iwo anadzaika maliro a mayiwo, iye atangotumiza ya bokosi. Atamuona sanaimirire.

"Mwaswera bwanji, achemwali?"

"Taswera. Khala, ngati mpando wathunso sukupweteketsa m'mimba."

Anakhala. Mtsikana wamtali anatuluka ndi madzi m'kapu, anagwada n'kumupatsa. "Takulandirani, agogo." Anali Nyande, mdzukulu wa a Jebbeh, mwana wa malemu mwana wawo wamkazi. Moinina anamwa madziwo mpaka pansi, chifukwa onse awiri ankamuyang'ana.

"Ukulemba nawo mawa?"

"Eya, agogo."

"Masamu akukuyendera bwanji?"

Mtsikanayo anayang'ana agogo ake aakazi, kenako pansi. "Chingelezi ndiye ndimakhoza. Masamu timaphunzitsana tokha, buku lake ndi limodzi. Mayankho ali kumapeto kwa buku, timawaona, koma njira yofikira kumeneko sitiidziwa."

Mtsikanayo atalowa m'nyumba, a Jebbeh anayankhula osasiya kusinja. "Akalephera, bambo ake akudzamutenga. Ati ku migodi kukufunika wophikira okumba. Ukudziwa chimene mtsikana amasanduka kumeneko, kapena ku Mangalande sanakuuzeni?"

"Achemwali, ndinasainira ntchito imeneyi."

"Ine sindinakupemphe kanthu. Ndikuphika."

"Mukudziwa tanthauzo la chakudya chimenecho."

"Chimene ndikudziwa n'choti mlongo wanga wabwera kwawo kachiwiri aka, ndipo mphika wanga sanaulawe. Anthu akundifunsa kuchitsime, Jebbeh, unamulakwira chiyani? Kapena akuopa kuti umuthirira mankhwala? Ndimangoti mufunseni mwini wake. Ukakana bakuli langa mawa pamaso pa mudzi, ndiye kuti wawayankha."

Munsi unkagunda mumtondo, di, di, di. Mvula inali itayambanso kuwaza.

"Nthawi yanga kunalibe zimenezi," anatero Moinina, mawu atatsika. "Chaka chimene chija ndinakhoza ndekha m'mudzi muno. Palibe anandilembera pabolodi."

Apo a Jebbeh anaimitsa munsi. "Chaka chako woyang'anira anadya mphepo? Mayi anagulitsa nsalu yawo yabwino ija kuti agule bonga. Bakuli ndinasenza ine, ndisanafike ndi msinkhu wa Nyandeyu. Linanditentha pamutu njira yonse."

"Chinali chakudya cha mlendo basi. Palibe analowa m'kalasimo."

"Kaya. Ine ndinangosenza bakuli. Za m'kalasi sindizidziwa, sindinaloweko. Ya sukulu inali yokwanira mwana mmodzi."

Anabwerera kwa Lahai akuterereka m'matope, akufukula tsiku lakalelo m'mutu mwake. Kutentha ankakukumbuka, ndi inki imene inamudetsa chala. Woyang'anira ankamukumbukanso, bambo wa suti yoyera wochokera ku Freetown, amene Moinina anamuona n'kulumbira mumtima kuti adzakhala ngati iye. Koma mpando wa bamboyo, kodi panali nthawi imene unakhala wopanda munthu? Panali aphunzitsi awo akale akuyenda pakati pa mabenchi, manja kumbuyo, n'kuima pamsana pake, n'kutsokomola, iye n'kuyang'ananso yankho lake. Linali tsiku limenelo, kapena tsiku lina? Aphunzitsi aja ankatsokomola chaka chonse, anafa ndi chifuwa. Zaka zonse zimene ankapukuta azungu, chinthu chimodzi chimene palibe akanamulanda chinali tsiku limenelo. Tsopano ankaligwira uku ndi uku, likungofumbutuka ngati mtanda wodyedwa ndi chiswe.

Kunacha ndi mvula. Ana anayamba ndi kusuntha madesiki kuthawa modontha, moti mizere yowongoka imene lamulo limafuna inakhota ngati njira ya ng'ombe. Moinina anawasecha m'matumba pakhomo. Anapeza zolembera, chingwe cha nsapato, ndi kachidutswa ka chinangwa chouma kamene mwini wake anapempha kuti adzamubwezere. Wapolisi anakweza envulopu m'mwamba kuti onse aone kuti ndi yomata, ngati pali amene ankakayikira zimenezo, n'kutuluka.

Makolo anali ataima kumalire a sukulu, pansi pa mango, ena atafunda matumba. Pafupi ndi kakhitchini ka sukulu panakhala bambo woonda, wa mapazi ong'aluka ndi dothi la m'migodi, atavala shati yoyera yosita bwino. Sipanafunike womuuza Moinina kuti ameneyo ndi Vandi.

Ana atayamba, anatenga pepala lotsala n'kuliwerenga. Mafunso ake anali abwino, zimenezo sakanatsutsa. Anawalemba munthu wodziwa ntchito yake, atakhala pansi pa fani ku Freetown. Panali za makona atatu, za chiwongoladzanja, ndi lina la sitima ziwiri zapamtunda zonyamuka m'masiteshoni osiyana, kufunsa kuti zikumana nthawi yanji. Njanji m'dziko muno anaizula Moinina ali mnyamata. Anaikwerapo kamodzi, popita ku sekondale, atanyamula sutikesi ya malata. Ana awa sitima ankaidziwira pa chithunzi.

Poyamba zolembera zinkamveka, kwee kwee, aliyense akulemba dzina ndi nambala yake. Kenako ena anayamba kukopera mafunso momwe analili, mwaukhondo, kuti pepala lisapite loyera. Kenako phokosolo linazilala, n'kutsala la madontho m'zitini. Palibe ankaoneka wamantha. Ankangodikira, maso akupita kukhomo n'kubwerera, ngati anthu a pa siteji ya basi. Nyande yekha ndi ena awiri atatu ndi amene anaweramabe. Iye anali atajambula makona atatu aakulu, akuwayang'ana ngati angayankhule.

Amayi anatulukira kuseri kwa chikwangwani, ali pamzere. Patsogolo panali a Jebbeh, bakuli pamutu, lokulungidwa m'nsalu, akuyenda pang'onopang'ono ndi msana wawo uja. Anafika pakhomo la kalasi n'kuima. Sanaponde m'kati. Wapolisi anali atalandira kale mbale yake pansi pa mtengo, atafulatira.

Lahai anabwera akupukuta manja m'jekete. "Bwana woyang'anira," anatero mokweza, kuti a pansi pa mango amve, "chakudya cha mlendo chafika. Madzi osamba m'manja ali kuofesi."

Moinina anaimirira, mawondo akulira. Kalasi yonse inali itadzutsa mitu. Vandi anali ataimirira kale kukhitchini kuja, choko m'manja. Pakati pa tebulo ndi chitseko panali pafupi, koma anayendapo ngati akuwoloka Moa wapansi. Akakana, ndiye kuti alibenso mlongo, ndipo mkulu wa ku Kenema uja ananena zoona. Akapita kuofesi, ndiye kuti zaka zonse zija ankanamiza azungu ndi kudzinamiza yekha. Anayang'ana nkhope ya achemwali ake. Inalibe pempho lililonse. Madzi ankatsika m'mphepete mwa duku.

Anatambasula manja onse awiri. "Zikomo, achemwali."

Amayi aja anapumira pamodzi. Wina kumbuyo anayamba kanthungululu, mnzake n'kumugwira pakamwa.

Moinina anatembenuka ndi bakuli lija, n'kukaliika pa tebulo la woyang'anira, kutsogolo kwa kalasi. "Madziwo abwere kuno," anatero.

Lahai anamuyandikira, n'kunong'ona. "Iwe, wapenga? Lamulo limakana chakudya m'chipinda cha mayeso."

"Limakananso kuti ndiyang'anire kwathu. Likadandaule ku Kenema."

Kwa kanthawi kochepa anadzimva wochenjera. Sanakane, sanatulukenso. Anasamba m'manja, kumasula nsalu, n'kuvundukula.

Fungo linadzaza chipinda chonse. Mafuta ofiira, tsabola, nsomba yowamba. Ndi pamene anakumbukira kachidutswa ka chinangwa kaja, ndi kuti mwezi uno ndi wa njala, mpunga wakale utatha, watsopano usanache. Ana ambiri m'chipindamo anabwera osalawa kanthu. Wa kutsogolo kwenikweni anameza malovu mpaka kumveka, kenako anagoneka mutu padesiki. Moinina anafuna kuvundikira, koma a Jebbeh anali chiimire pakhomo, mvula ikuwamenya kumsana, ndipo chakudya cha mlongo sasiya pakati.

Anadya. Chigwadacho chinali cha mayi ake ndendende, chosinja mpaka kusalala, tsabola wake wobwera mochedwa. Anali atachisaka m'timalesitilanti ta anthu a kwathu ku Mangalande konse, osachipeza, ndipo lero chinamupeza pamalo pomwe sichikanatha kutsika bwino. Zala zake zinkadziwa zokha ntchito, kupatula mnofu, kusolola minga umodziumodzi, kuindanditsa m'mphepete mwa chivundikiro. Bonga safulumira nayo. Amene anayambitsa mwambowu ankaidziwa nsomba.

Vandi anafika pawindo. Anaima pamenepo nthawi ndithu, akuyang'ana bolodi lopanda kanthu, kenako ana amene anawaphunzitsapo ali fomu 1. Anaika choko chija pawindo, n'kupita, shati yoyera ija ikunyowa.

Ana anamuona akupita. Panalibe analira kapena kung'ung'udza. Mmodzimmodzi anabwerera ku mapepala awo, ena kuyamba kulemba manambala alionse obwera m'mutu. Nyande anadzutsa maso kamodzi kokha n'kuyang'ana agogo ake aamunawo akutafuna. Sanali maso a mkwiyo. Anamuyang'ana momwe munthu amayang'anira mvula yogwa pa tsiku loyanika mpunga, kenako anaweramanso.

Nthawi inatha iye akusamba m'manja. Anatolera mapepala. Ambiri anali ndi mafunso okopedwa bwino ndi malo oyera pansi pake. La Nyande analiyang'ana motalikirapo kuposa m'mene lamulo limalolera. Funso la makona atatu analiyamba bwino, anayenda nalo, n'kukaima patatsala kaphazi kamodzi, kanthu koti munthu angamuonetse madzi a tiyi asanawire. Analiika pakati pa anzake, kumata envulopu, n'kusaina pomatapo.

Pansi pa mango panali patayamba kuchepa anthu. Ankachoka osayang'ana kumbuyo, ngati pobwera kumanda.

"Wapambana, Mngelezi," anatero Lahai, atatsamira chitseko. "Mapepala oyera ngati mtima wako. Iwe ku Kenema akupatsa mendulo, ine andiitanitsa kuti ndikafotokoze chifukwa chake ana anga ndi mbuli."

"Lahai..."

"Usavutike, sindinakwiye. Kukwiya kumafuna mphamvu." Anatenga envulopu ija kukapatsa wapolisi.

A Jebbeh anali asanachoke. Moinina anawapititsira bakuli pakhomo pomwepo. Analandira, n'kuyang'ana minga ija ili pamzere.

"Kuchotsa minga sunaiwale."

"Chinali chokoma, achemwali."

"Ndikudziwa, ndaphika ndine." Anakutumulira mingayo pansi n'kuyamba kumanga nsalu. "Wadya."

"Ndadya."

"Pamaso pa mudzi wonse."

A Jebbeh anamangitsa mfundo ya nsaluyo n'kupitiriza.

"Kuno wodya bakuli la masamu amabweza masamu. Sindinayambitse ine, unazipeza, unazisiya, wazipezanso. Anzako amabweza ola limodzi n'kumapita kwawo. Iwe ola limodzi walikana. Ndiye ubweza chaka."

"Chaka cha chiyani?"

"Kalasi iyi ilibe mphunzitsi. Nyande abwereza, ndi anzake amene makolo awo angalole."

"Achemwali, taonani msinkhu wangawu. Mawondo anatha. Choko ndinachisiya kalekale. Ndipo boma silingandilembe ntchito, ndinapitirira zaka."

"Vandi linamulemba?"

"Nanga bambo ake a mwanayu?"

"Amenewo ndithana nawo ine. Ndiwauza kuti mwana akuphunzitsidwa ndi munthu wochokera ku Mangalande. Amaopa zochokera kunja, ngati boma lakoli."

"Akachotsa thandizo? Akati ana azikalembera kutsidya?"

"Udzawawolotsa. Si iwe wodziwa kuwoloka madzi?" Anasenza bakuli, dzanja limodzi litagwira m'chiuno. "Chikwama chako ndatuma kale anthu kukachitenga kwa Lahai. Chili m'chipinda cha mayi. Mayeso akatha ukapereke mapepala a bomawo, ubwere. Pakona ya kumadzulo pamadontha, usaikepo mabuku ako."

Anapita osadikira yankho, akuyenda m'mbali mwa zithaphwi.

Moinina anabwerera m'kalasi n'kukhala pa benchi la ana, poti mpando unali kutali. Akanatha kukana. Chikwama ndi chikwama, munalibe choposa malaya awiri, mankhwala a mawondo ndi buledi uja. Ku Kenema chipinda chinali chikumudikira, ndi mabuku ake a maufumu akugwa, ndi khonde loti azikhalapo madzulo n'kumauza achinyamata m'mene dziko linalili. Anayesa kuwerengera ana amene angabwererenso chaka chamawa. Mwina theka. Enawo, amene anagoneka mitu pamadesiki iye akutafuna, apita ku migodi, kumunda, ku mabanja, ndipo palibe chaka chimene angabweze chowakwanira. Zimenezo anazidziwa, ndipo anadziwanso kuti achemwali ake akuzidziwa.

"Agogo."

Nyande anali pawindo, atafunda thumba la pulasitiki kumutu. Anali atatola choko cha Vandi chija, chonyowa.

"Funso la sitima lija, yankho lake linali chiyani?"

"Likuthandiza chiyani tsopano?"

"Ndingofuna ndidziwe ngati zinakumana."

Moinina anatambasula dzanja, mtsikanayo n'kumupatsa chokocho. Chinali chofewa ngati phala, chosati n'kulemba pabolodi lero kapena mawa.

"Zinakumana," anatero. "Mayeso akatha ubwere ndi buku lanu lija. Kumapeto kwake tikamateko, tiyambire kutsogolo."

Mtsikanayo sanathokoze. Anangogwedeza mutu n'kuthamangira kukhitchini, kumene amayi ankagawa mpunga wotsala kwa olemba mayeso lisanayambe pepala la masana.

Anaika chokocho pa tebulo kuti chiume. Kamunga kena kanali katatsalira pakati pa mano a kumbuyo, lilime likukapeza koma zala osakafikira. Ali mkati molimbana nako, wapolisi anasuzumira pakhomo, milomo ili noninoni.

"Bwana, belu tiimbe nthawi yanji? Komanso, pepani, ngati nsomba ija yatsalako..."

"Yatha," anatero Moinina, n'kugwira desiki kuti aimirire. "Imbani."